Woyimba Amene Analiridwa Maliro Ali Moyo

Kalekale, masiku amene nyimbo zinkagulitsidwa pa makaseti, ndipo kaseti ikatafunidwa ndi wailesi munthu ankaikulunga ndi bolopeni, mumzinda wa Blantyre munali woyimba wina dzina lake Gelevaziyo Ngozo. Dziko lonse linkangomuti Gele. Mawu ake sanali aakulu, koma akayamba kuyimba ngakhale kondakitala ankaleka kuitanira anthu. Nyimbo zake zinkalira m'maminibasi, m'zigayo ndi m'malo ometera. Imene inamutchukitsa kwambiri inali yamaliro, yakuti "Ndisiyireni khomo lotsegula." Anthu anaitola pa kaseti n'kupita nayo kusiwa, mpaka ana ena anakula akuganiza kuti ndi ya m'buku la nyimbo za kutchalitchi.

Gele anali ndi mkazi, Felesiya, amene anamukwatira mwadongosolo, ankhoswe alipo, abusa alipo. Ankakhala ku Chilomoni ndi mwana wawo mmodzi, Tiyanjane. Analinso ndi mlongo wake wamkulu, Nangozo, amene anatsala kumudzi ku Ntcheu akulima mbatata ya kachewere. Ndipo ku Limbe, pakhonde la sitolo ina, panali telala dzina lake Nasoni, amene ankasoka malaya onse amene Gele ankavala poyimba.

Tisabisane, popeza mlanduwu muweruza ndinu: Gele ndi Nasoni ankakondana. Anakondana zaka khumi ndi ziwiri, mwakachetechete, Lachitatu lililonse masana, m'kachipinda ka Nasoni ku Bangwe. Masiku ena onse ankalemberana makalata.

Felesiya ankadziwa. Chaka chachitatu cha ukwati wawo anatenga bulauzi yake yoyera ya kumpingo kupita nayo ku Limbe kuti telalayo aichepetse, koma chimene ankafuna n'kumuona ndi maso ake. Nasoni anamuyeza. Atabwerera kunyumba, Felesiya anapachika bulauziyo n'kunena kuti, "Bambo a Tiyanjane, telala wanu uja amasoka bwino." Gele anadikira mawu ena. Felesiya anangowonjezera kuti, "Chimodzi chokha: musadzandiimike pagulu." Nkhani inathera pomwepo.

Chimene chinawaulula chinali chaching'ono. Telala aliyense amayeza kasitomala ndi tepi, ngakhale wa zaka zambiri, chifukwa thupi limasintha. Nasoni ankayeza aliyense, koma Gele yekha sankamuyeza. Gele akanenepa, malaya ankabwera otakasuka. Akaonda, ankabwera othina pang'ono, ndendende. Telala mnzake wa pakhonde lomwelo, amene makina ake ankakhala tsiku lonse osalira, anaona zimenezi zaka zambiri. Anayamba kuwatsata, kenako anakauza mtolankhani wina. Loweruka nyuzipepala inatuluka ndi chithunzi cha Gele patsamba loyamba. Lolemba m'mawa apolisi anamutenga ali pakati pojambula nyimbo, ndipo m'chikwama cha gitala yake anapezamo mtolo wa makalata a Nasoni. Lamulo linkati mwamuna wopezeka wolakwa pa mlandu wogonana ndi mwamuna mnzake akakhale kundende zaka zambiri.

Anthu atatu anamupulumutsa. Mverani mmene aliyense anachitira.

Woyamba anali Nangozo. Tsiku loyamba la mlandu, galimoto ya apolisi itafika pafupi ndi khoti, Gele anasuzumira pawaya n'kuona msewu wadzaza anthu. Ambiri anali omwe aja ankagula makaseti ake. Tsiku limenelo anali ndi miyala m'manja.

"Gele, lero utiyimbira ndi mawu ati, aamuna kapena aakazi?" anafuula wina.

"Telala wako wakusokera chiyani cha kukhoti, diresi?"

Anthu anaseka, ndipo mwala woyamba unalira padenga la galimoto. Apolisi analipo awiri okha. Wamkuluyo anatembenuka n'kunena chapansipansi kuti, "Bwana woyimba, apa ife sitikwanitsa. Ngati mumapemphera, yambani."

Pamenepo Gele anaona mayi wina wamfupi akuthyola nthambi za mtengo wa m'mbali mwa msewu. Anali mlongo wake, amene anali atangotsika basi ya ku Ntcheu. Nangozo anayala nthambizo mopingasa msewu, kumtunda ndi kumunsi, monga timachitira pakagwa maliro. Kenako anavula nsapato, anamanga nsalu m'mimba, anakhala pansi pafumbi pakati pa anthu ndi galimoto, n'kuyamba kulira.

"Mlongo wanga ine! Mwana wa mayi anga ine! Ndatsala ndi yani ine!"

Munthu wina amene ankadutsa pa njinga, asakudziwa kanthu, anaona masambawo n'kutsika. Abambo awiri anavula zipewa. Thupi la munthu wa kuno limadziwa chochita likaona masamba pamsewu, mutu usanaganize.

Mnyamata wamkulu thupi amene ankatsogolera gululo anafika pafupi, mwala uli m'manja. "Mayi, wamwalira ndani?"

"Mlongo wanga, Gelevaziyo."

"Si uyo ali m'galimotoyo, wamoyo?"

"Miyala muli nayo ndinu, bambo," anatero Nangozo akupukuta mphuno ndi nsalu. "Ine ndachokera kutali, ndiye ndati ndiyambiretu."

Atatero anayambitsa nyimbo ija, "Ndisiyireni khomo lotsegula." Amayi ogulitsa nthochi pageti anaiyankha, chifukwa nyimboyo anali ataikira nayo amayi awo ndi ana awo. Ena anatsatira. Palibe munthu angaponye mwala pamaliro ali pakati poyimba. Miyala inayamba kugwa pansi umodziumodzi, ndipo galimoto inadutsa pang'onopang'ono pamwamba pa masamba aja. Gele, ali m'katimo ndi unyolo m'manja, anamva maliro ake akuyimbidwa ndi mawu amene analemba yekha.

Chithunzi cha Nangozo ali pafumbi chinatuluka m'nyuzipepala n'kufika kumudzi. Kumeneko sanaone nzeru, anaona tsoka. Anati mkazi amene walira munthu wamoyo waitana imfa, ndipo imfayo ikapanda kupeza amene inaitanidwira idzatenga wina. Patangotha sabata mwana wa oyandikana nawo anadwala n'kumwalira. Amayi analeka kutunga naye madzi. Pamaliropo chakudya chimene anaphika chinabwerera osakhudzidwa. Mwamuna wake anatenga khasu ndi njinga n'kubwerera kwawo.

Wachiwiri anali Felesiya. Telala wansanje uja anali ataikira umboni kuti Lachitatu lililonse ankaona Gele akulowa m'kachipinda ka ku Bangwe. Loya wa Gele anati pakufunika munthu amene khoti lingamukhulupirire kuposa telalayo. Mzinda wonse unkadziwa kuti Felesiya sanama. Anali mlembi wa amayi a kumpingo, ndipo pakabuka mkangano amayiwo ankati, "Tifunse a Felesiya," nkhani n'kutha.

Analowa m'khoti atavala yunifomu yake yoyera, bulauzi yomwe ija. Anaika dzanja pa Baibulo n'kulumbira.

Wozenga mlandu anali munthu wamtali wokonda kumwetulira. "Mayi, mundikhululukire, koma ndiyenera kufunsa. Amuna anuwa, kwa inu, ndi mwamuna?"

"Bwana, Tiyanjane sindinamutole pamsika wa Limbe."

Khoti linaseka, woweruza anagogoda tebulo.

"Chabwino. Lachitatu masana amakhala kuti?"

"Kunyumba."

"Lachitatu lililonse?"

"Lililonse. Lachitatu ndi tsiku langa lochapa, ndipo mpopi wathu ndi waulesi. Amene amanditungira madzi ndi iwowa. Amatungira kuseri kwa nyumba, kuopa kuti anthu angaone woyimba wawo ali ndi ndowa."

"Mayi, mukukumbukira kuti mwalumbira?"

"Ndikukumbukira bwino, bwana. Baibulo ndimaliwerenga m'mawa uliwonse. Inu munalitsegula liti?"

Anthu anasekanso, koma Gele sanaseke. Iye yekha ankaona chala chachikulu cha mkazi wake chikukanda thabwa la pamalo oimira mboni, kukanda osaleka mpaka chikhadabo kuthyoka. Wozenga mlandu anamuzungulira ola lathunthu, Felesiya osasuntha. Woweruza analemba kuti mayiyu ndi mboni yoona.

Atafika kunyumba anavula yunifomu ija, anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa sutikesi. Lamulungu lotsatira, mbale ya Mgonero itafika pamzere wake, anaipatsira mnzake osatenga. Amayi anzake anaona, ndipo anayamba kunong'onezana. Akulu a mpingo anamuitana. Iye anati akudwala m'mimba.

Wachitatu anali Nasoni. Panatsala makalata aja, ndipo makalata sangasekedwe n'kutha. Apolisi anali atamusunga Nasoni masiku anayi n'kumuuza kuti akanena zoona zake za Gele, iye amumasula ndipo dzina lake silidzamvekanso. Anafufuza m'chipinda chake kufuna makalata amene Gele ankayankha, koma sanapeze olo limodzi. Tsiku limene Gele anamangidwa, Nasoni anakhala pakhonde pake monga mwa masiku onse akusita zovala za makasitomala, ndipo nthawi iliyonse akatsegula simbi kuti awonjezere makala, ankaponyamo kalata imodzi. Pofika madzulo makalata a zaka khumi ndi ziwiri anali phulusa, ndipo mathalauza a anthu anali osalala.

M'khoti anaima ngati mboni ya boma, munthu wochepa thupi, tepi ili m'khosi mwachizolowezi.

"Makalata awa munalemba ndinu?" anafunsa wozenga mlandu.

"Ndine, bwana."

"Ndipo woimbidwa mlandu ankakuyankhani."

"Olo kamodzi."

Kumwetulira kwa wozenga mlandu kunachepa. "Nanga anapezeka bwanji m'chikwama chake?"

"Ndinkawabisa m'matumba a malaya ndikamaliza kusoka. Bwanawa ndi munthu wachifundo. Akanatha kundipereka kupolisi kalekale, koma sanafune kundiyalutsa."

"Tiuzeni tsono, a telala. Anthu onse mumawayeza ndi tepi. Bwanji munthu uyu yekha simumuyeza? Thupi lake mumalidziwa bwanji?"

Gele anaweramitsa mutu.

Nasoni anayang'ana wozenga mlanduyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Bwana, inu ndakuonani lero lokha. Kolala yanu ndi sikisitini ndi hafu. Phewa lanu lamanzere ndi lotsika. Ndipo jekete mwavalalo si lanu, mwiniwake ndi wamfupi manja."

Ngakhale woweruza anabisa pakamwa ndi mpango. Wozenga mlandu anakoka manja a jekete lake, kenako anafunsa mwaukali: "Mukuvomera kuti mumamukonda mwamuna mnzanu?"

"Ndikuvomera. Koma ndi misala yanga ndekha. Iwowa sanandiyang'anepo kawiri. Ndikawapatsa malaya amati zikomo a telala, basi."

Ananena zimenezi maso ali kukhoma. Gele anafunitsitsa kuti amuyang'ane kamodzi kokha, koma Nasoni anatsika n'kutuluka osacheuka.

Kulemba kalata si mlandu, choncho Nasoni sanamangidwe. Koma mkwiyo wonse umene Nangozo anauzimitsa pageti unapeza kolowera. M'mawa mwake makina ake anapezeka m'ngalande, mutu utaphwanyidwa. Mwini sitolo anamuthamangitsa pakhonde, mwini nyumba anamutulutsira katundu panja. Pokwerera mabasi anamumenya mpaka mano awiri kuguluka. Mumzinda wonse, munthu akamakakamira amene sakumufuna, ankamuti Nasoni.

Chigamulo chinaperekedwa Lachisanu, nthawi ikuyandikira masana. Woweruza anati boma lalephera kupereka umboni, ndipo Gelevaziyo Ngozo ndi mfulu. Panja anthu omwe aja anayamba kuimba mluzu ndi kufunsa kuti kaseti yatsopano ituluka liti.

Asanatuluke, loya wake anamukokera m'kachipinda n'kutseka chitseko. Anali mayi wachikulire wosakonda kuzungulira nkhani.

"A Ngozo, mwapambana, koma mverani. Wozenga mlandu uja sanaiwale za jekete. Akangomva kuti mwasiya akazi anu, kapena kuti mwaoneka ndi telala uja, awatenga mayi aja pa mlandu wonama atalumbira. Ndipo pamenepo ine sindingawapulumutse." Kenako anatulutsa phukusi la pepala m'chikwama. "Ili landipeza kuofesi m'mawa. Amene wabweretsa sananene dzina, ndipo ine sindinafunse."

Munali malaya abuluu. Gele anaona msoko n'kudziwa kuti ndi wa singano yapamanja, chifukwa makina panalibenso. Anawavala. M'miyezi itatu ya m'chitokosi anali ataonda kwambiri, koma malayawo anamukhala ndendende. M'thumba munali kapepala: "Basi ya ku Mwanza inyamuka thu koloko pa Wenela. Ndikaoloka malire sindidzabwereranso. Ndagula matikiti awiri. Ndinanena pamaso pa anthu kuti sunandiyang'anepo kawiri. Ukapanda kubwera, ndidziwa kuti ndinanena zoona."

Gele anatuluka kapepalako kali m'manja. Pamasitepe a khoti panaima akazi awiri.

Felesiya anali atavala chitenje wamba, ndipo kumbuyo kwake takisi inkadikira. "Bambo a Tiyanjane, tiyeni kunyumba. Atolankhani ali kale pageti, akufuna kuona ngati mulowe. Lamulungu akulu a mpingo andiitananso, ndipo mukhale pambali panga." Anayang'ana malaya abuluu aja, n'kuuzindikira msokowo. Mawu ake sanakwere. "Ndinakupemphani chinthu chimodzi, musadzandiimike pagulu. Mwandiimika, ndaima. Ndagulitsa mzimu wanga chifukwa cha inu. Tsopano ndikupempha chachiwiri: Lachitatu lililonse muzikhaladi kunyumba mukutunga madzi, kuti bodza langa lisanduke zoona. Mwina ndingadzadyenso Mgonero."

Nangozo anali ndi kathumba ka pulasitiki ndi nsapato zake m'manja. "Alamu, musandidyere tsiku. Gelevaziyo, basi ya ku Ntcheu inyamuka thu koloko. Akuluakulu akumudzi andipatsa mpaka mawa dzuwa lisanalowe. Ati amene ndinamulira abwere yekha, ndi miyendo yake, alowe m'nyumba ya mayi athu, adye chakudya cha m'manja mwanga anthu akuona. Ati asiye gitala ndi tauni, alime munda wa mayi kuyambira kubzala mpaka kukolola, kuti imfa ione kuti inanamizidwa ibwerere. Ndikafika ndekha, andigwetsera nyumba."

"Chaka chathunthu, alamu?" anatero Felesiya. "Chaka chimenecho ine ndikhala ndili kundende."

"Nanga ine ndikhala kuti? Inu muli ndi loya. Ine loya wanga ndi khasu, ndipo nalonso mwamuna wanga anapita nalo."

"Inu munalira tsiku limodzi. Ine ndakhala chete zaka zisanu ndi zinayi."

"Tsiku limodzi lomwelo likanapanda kukhalapo, bwenzi lero mukusita diresi lakuda."

Sanakangane mopitirira. Onse awiri anatembenukira kwa iye. Nangozo anaona kapepala kaja m'manja mwa mlongo wake, ndipo ngakhale sankadziwa kuwerenga, anamvetsa.

"Ndi telala uja?" anafunsa. Gele anagwedeza mutu movomera. Nangozo anapuma mozama. "Dzulo ndinamuona pa Wenela. Pakamwa potupa, akusoka ndi manja atakhala pasutikesi. Ndinamugawira nthochi. Sindikunena kuti upite naye, ukumva? Ndikungonena kuti ndinamuona."

Felesiya anangotsegula chitseko cha takisi n'kuima pambali pake.

Gele anali munthu amene moyo wake wonse sanasowepo mawu. Ankatha kuima pamaso pa anthu zikwi n'kuwaliritsa, kenako n'kuwavinitsa. Tsiku limenelo anaima pasitepe yachitatu, pakamwa pali pouma. Anayang'ana mkazi wake ndi chikhadabo chake chothyoka. Anayang'ana mlongo wake ndi mapazi ake afumbi. Anamva nsalu ya malaya aja pamapewa pake. Wotchi ya pakhoma la khoti inali itapitirira wani koloko, ndipo kuchokera pamenepo kupita ku Chilomoni ndi njira ina, ku Wenela ndi inanso, ndipo pa Wenela pomwepo basi ya ku Ntcheu ndi ya ku Mwanza zimaima moyandikana koma sizipita kumodzi.

Tsono nkhaniyi ndaifikitsa pamaso panu. Popanda Nangozo, Gele sakanafika m'khoti wamoyo. Popanda Felesiya, khoti likanakhulupirira za Lachitatu. Popanda Nasoni, makalata aja akanamutsekera kundende mpaka imvi. Mlongo anataya mudzi wake, mkazi anataya mtendere ndi Mulungu wake, telala anataya makina, mano ndi dzina. Woyimbayo thupi ali nalo limodzi, ndipo amene amusankhe ndi yekhayo amene apulumuke.

Inu amene mwamva zonsezi, ndiuzeni: Gelevaziyo atsike masitepe amenewa kutsata ndani, mkazi wake, mlongo wake, kapena telala amene sanafunepo tepi kuti amudziwe?